Dzina la Bualai Lili ndi Eni Ake

M'mudzi mwathu muno, kunsi kwa mapiri a Phu Phan, palibe amene sawadziwa a Sawaeng, aja a miyendo ngati ya kakowa, ovala chipewa cha mlaza ngakhale kuli mitambo. Ntchito yawo ndi kugulitsa njere za chamba pamsika wa Loweruka. Musatong'ole maso: nthawi imene ikukambidwa pano boma linali litavomereza kale. A Sawaeng okha ndi amene uthengawo sunawafike m'mafupa. Wapolisi akangotulukira kudzagula nthochi, iwo ankakhalira thumba lawo ngati thadzi pa mazira.

Mbewuyo sinali yawo. Inali ya akazi awo, a Bualai, amene ankagulitsa msuzi wa nkhuku m'mbali mwa msewu wopita ku Sakon Nakhon. Monga amachitira amayi akuno kuyambira kalekale, ankaponya timasamba tingapo ta chamba mumphika kuti msuzi udzuke. Oyendetsa malole ankadya mpunga wonata mpaka dengu kuoneka pansi, kenaka n'kugona pansi pa mbwemba, katundu wa eni ake akudikira padzuwa.

Zaka zonse zimene chinali choletsedwa, chambacho chinkakulira pakati pa chinangwa, kuseri kwa phiri. Chaka chilichonse a Bualai ankayenda m'mizere, akufikisa ngala m'zala n'kununkhiza. Chimene chawakomera ankachimanga kaulusi kofiira, ndicho cha mbewu. Ntchito ya a Sawaeng inali kutunga madzi ndi kuzula zachimuna zonse, n'kusiyako chimodzi.

"Chachimuna chimodzi chimakwana," ankatero a Bualai. "Zinazo zimangotha manyowa. Nachonso chimodzicho ndimangochimvera chisoni."

"Mukunena za m'mundamu kapena za kunyumba?"

"Zulani, bambo, dzuwa likukwera."

Kusankha kwa zaka zambiriko kunabala mtundu wakewake: wautali, wowonda, wochedwa kukhwima, wa ngala zopyapyala, fungo lake ngati mango osapsa otsira tsabola. Ana Mulungu wa kwawo sanawapatse banjali, ndiye anthu ankati mwana wa a Bualai ali m'chinangwa. Wofuna njere ankangonong'ona kuti, "Mundigawireko cha Bualai." Dzina linamera choncho, popanda wolibzala.

Koma Bualai silinali dzina lawo loyamba. Mayiwa anabadwa ana awiri atatsogola kumanda, ndiye makolo anachita zimene amachita aliyense wochenjera kuno: anamutcha mwanayo Khiat, ndiko kuti Kachule, kaja ka m'minda ya mpunga, ndipo ankafuula pakhonde kuti, "Kamwana konyansa bwanji aka!" kuti mizimu yoba ana imve, ipitirire. Inapitiriradi. La Bualai linabwera ndi sukulu, ndipo la Kachule analikwirira mozama. Tsoka ilo, mkulu wawo, a Thongmuan, anaulula kwa a Sawaeng ukwati usanachitike.

Kuyambira pamenepo, a Sawaeng akaona kuti akazi awo atanganidwa ndi makasitomala mpaka kuiwala kuti ali ndi mwamuna, ankasendera kumphika.

"A Kachule, mpunga wapsa?"

Chipande cha msuzi, go! pamwamba pa khutu lakumanzere. Anthu amati chipewa cha mlaza chija anayamba kuvala chifukwa cha chimenechi. Kunama. Akafuna kutchula dzinalo ankayamba avula.

A Bualai anamwalira chaka chomwe boma linamasula chamba, asanaone mbewu yawo ikukula poyera. Kuno, tsiku lotentha mtembo kukachisi, aliyense wobwera amalandira kamphatso kokumbukira malemu: kabotolo ka mankhwala onunkhiza, kampango, kabuku ka mapemphero. A Sawaeng anati ayi, mkazi wawo sangakumbukiridwe ndi mankhwala a chimfine. Anapinda timapepala, n'kuikamo njere, n'kulemba pa kalikonse kuti "Mayi Bualai". Sukulu anailawa pang'ono chabe, ndiye ankalemba lilime lili kunja, akutchula dzinalo pa kapepala kalikonse. Mkulu wa amonke, ansembe a pakachisipo, ataona mbale ya mphatsoyo anatsokomola, n'kuyang'ana kudenga. Anthu anatenga onse, ngakhale aphunzitsi. Wirat, mwana wa a Thongmuan, bambo wa ndevu zake wogwira ntchito ku Bangkok, anatapa dzanja lonse.

Kulemba kuja sikunathere pamaliro. Lachisanu lililonse masana a Sawaeng ankakhala pansi pa nyumba yawo yoima pa nsanamira, pamthunzi pomwe kale pankagona njati yoweta, n'kumalemba mapaketi a kumsika. Mayi Bualai. Mayi Bualai. Munthu wamasiye akamaitana mkazi wake m'nyumba mopanda anthu amatchedwa wamisala, koma akamalemba mapaketi ndi wamalonda. Pa sabata lonse, ndi tsiku lokhalo limene mpunga unkawalowa bwino.

Patadutsa dzinja kawiri, Loweruka lina, pikapu yatsopano inaima pafupi ndi mphasa yawo. Anatsika Wirat, anagwirizanitsa manja pamphuno, n'kunjuta.

"Bambo aang'ono, mwadya kale?"

"Ndadya. Iwe ndiye ukuoneka kuti wadyeratu ndi za mawa."

Wirat anaseka kosafika m'mimba. Anatulutsa kapaketi konyezimira ngati ka maswiti. Panali chithunzi chojambula cha namwali wa m'chiuno ngati mavu, duwa kukhutu, ndipo pansi pake zilembo zagolide. A Sawaeng zilembo zambiri zimawazemba, koma izi anaziwerenga asanaphethire.

"Ameneyu ndani?"

"Ndi mayi aang'ono."

"Mayi ako aang'ono anali ndi mkono wothyola khosi la tambala kamodzi. Uyu angakweze mphika?"

Wirat anafotokoza akuyang'ana matayala a pikapu. Njere za pamaliro zija anapita nazo kwa anzake a kampani ina ya mbewu. Iye ankaopa kuti alendo akunja adzatola dzinalo, ndiye anakalilembetsa ku boma kuti likhale chizindikiro cha malonda, lotetezedwa. Koma amene analemba mayina awo pa umwiniwo ndi anzake aja, ndipo tsopano loya wawo wamva kuti ku msika wina wakumudzi kuli mkulu amene akugulitsa njere pa dzina lomwelo.

"Dzinali lili ndi eni ake tsopano, bambo aang'ono."

"Mwini wake ali m'chipupa cha kachisi. Ndinamuikamo ndekha."

"Pakamwa mutha kutchula mmene mungafunire. Koma kulemba pa paketi yogulitsa, adzakutengerani kukhoti. Ine sindingawaletse. Ndayesa."

"Ndiye unaliteteza kwa alendo, n'kuyamba ndi ine."

Wirat anasiya kapaketiko pamphasa n'kupita. A Sawaeng khoti amaliopa kuposa mphiri. Sabata lotsatira anabwera ndi mapaketi oyera mbee, opanda kalikonse. Odutsa pamsewu ankafunsa kuti ndi mtundu wanji.

"Ndi cha Bualai."

"Agogo, cha Bualai timachidziwa, chimakhala m'paketi yonyezimira. Musatiyese ana."

Kusagula kwawo sikunawawawe kwambiri. Chinawapweteka ndi Lachisanu. Ankakhala pamthunzi paja, cholembera kukhutu, manja alibe chochita. Tsiku lina analemba dzinalo pafumbi ndi chala, nkhuku n'kudzapalasa.

Njere za m'paketi yonyezimira anazibzala kuseri kwa nkhokwe, mwina poganiza kuti mkazi wawo alimo ndithu. Zinamera zazifupi, zonenepa, zofulumira kukhwima, chifukwa akampaniwo anazikwatitsa ndi mtundu wakunja. Fungo lake ngati chingamu. Anaponya masamba ake mu msuzi, analawa, n'kupatsa galu. Mtundu weniweni unali uko m'munda, wautali ngati kale, ukugwedezeka ndi mphepo ya kuphiri, wopanda dzina. Dzina linali ku Bangkok, lavala chomera cha eni.

Anapita kukadandaula kwa a Thongmuan, amene anawapeza akusinja papaya wosapsa mu kamtondo.

"Alamu, mwana wanu wandilanda mkazi."

"Mkazi munamumwaza nokha. Khalani pansi, mukunditchingira kuwala." Anathira tsabola wina. "Ndamutukwana Wirat mpaka foni kutentha, musaganize kuti ndamusiya. Koma wolakwa woyamba ndinu. Chinthu chimene umachikonda suchipatsa dzina lokongola n'kuchiika pambale pagulu. Pamaliro penipeni, pomwe mizimu yonse imakhala ili maso! Amayi sanapite ku sukulu koma ankadziwa. N'chifukwa chake mng'ono wanga anafika pomera imvi."

"Ndiye mukuti mwana wanu ndi mzimu?"

"Ya masiku ano ikuyenda pa pikapu. Idyani papayayu, mwaonda ngati nsungwi."

Mawuwo anawatsata a Sawaeng mpaka kunyumba. M'mawa mwake, amonke atabwerako kolandira chakudya, iwo anatenga kadengu ka mpunga ndi kambale ka msuzi wa masamba enieni, n'kupita kumpanda wa kachisi. Mafupa a akazi awo ali m'kabowo kotseka ndi simenti, chithunzi chili pamwamba, nkhope yolusa ngati akufunsa chenje. Pambali pake pali mtengo wa bwemba. Anaika chakudyacho pansi, anayatsa lubani, n'kukhala mopinda miyendo.

"Mayi, ndabwera ndi mlandu. La Bualai atenga. Akupatsaninso chiuno chimene simunakhale nacho." Anayang'ana chithunzi chija. "Latsala limodzi. Mukulidziwa. Limene lija palibe angalifune. Ndikufuna ndiliike pa mbewu yanu. Ngati mukukana, mtengo uwu uli ndi bwemba zambiri. Mukudziwa pomenya."

Anavula chipewa, napendeketsa mutu, khutu lakumanzere kumwamba.

"A Kachule."

Anadikira. Kamphepo kanadutsa, nthambi zinagwedezeka, agalu a pakachisi anayamba kuzungulira msuzi. Lubani anapsa mpaka kutha. Sipanagwe kanthu, ngakhale tsamba. Aka kanali koyamba kutchula dzinalo mutu wawo n'kutuluka wamtendere, ndipo akadasankha, akadasankha chipande. Anavala chipewa mochedwa, n'kunena motsitsa kuti, "Ndiye mwavomera. Simunali wotero."

Lachisanu linabwerera m'malo mwake. Kalembedwe ka Khiat kanawavuta, zilembo zake zinkawazungulira mutu, ndiye anaganiza zongojambula kachuleko. Kunena zoona chinkatuluka chinali mbatata ya miyendo inayi. Koma lilime linatulukanso, ndipo oyandikana nawo anamvanso kung'ung'udza pansi pa nyumba.

Loweruka, a Thongmuan akudutsa ndi dengu lawo, anaima pa mphasa ija. Anatola paketi imodzi, anaiyang'ana chafufumimba, anaitembenuza.

"Ichi n'chiyani?"

"Mtundu watsopano, alamu. Wakalekale."

"Dzina lake?"

A Sawaeng anavula chipewa. "Kachule."

Pafupi pomwepo pali mayi wina wogulitsa msuzi, chipande chili mumphika. A Thongmuan sanapemphe. Anangochisolola, go! pakati pa mutu. Msika wonse unatembenuka. A Sawaeng anatsinzina, msuzi ukutsikira m'khosi, ndipo sanapukute.

"Mwaphonya, alamu. Iye ankamenya cha kuno, pamwamba pa khutu."

"Chitsiru cha munthu," anatero a Thongmuan. Anabweza chipande, anapukuta maso ndi nsonga ya mpango, n'kuponya mapaketi awiri m'dengu mwawo osalipira.

Nkhani ya chipandeyo inayenda kuposa njere. Oyendetsa malole akale, omwe ankakumbukira kulira kwa chipande cha m'mbali mwa msewu, anamva n'kuzindikira kuti kachuleko ndi ndani. Amaima, amanunkhiza, amagula. Achilendo ambiri amadutsabe kukafuna paketi yonyezimira, ndipo a Sawaeng sawaitana.

Wirat anabweranso nthawi ya chikondwerero chothirana madzi. Ananjuta pamalo pomwe paja, akuzunguza paketi ya mbatata ija m'manja.

"Bambo aang'ono, ili tikalembetse msanga, pa dzina lanu lenileni, wina asanalione. Ndilipira ndine. Mbewu iyi ndi yabwino kwambiri."

A Sawaeng anamulanda paketiyo, n'kuibisa pansi pa ntchafu. Anayang'ana kumsewu, kumene kunali kudutsa magalimoto a ku Bangkok, n'kukweza mawu kuti onse amve.

"Yabwino chiyani? Yonyansa. Yowonda, yochedwa, yonunkha. Palibe angaifune."

Amatero mpaka lero kwa aliyense woiyamikira. Ndipo Lachisanu masana, mukadutsa pafupi ndi nyumba yawo, mudzawaona pamthunzi, chipewa chili pambali, akujambula mbatata zawo. Akamaliza mwendo wachinayi amatchula dzina lija, kenaka amabweza mutu pang'ono, n'kudikira kaye asanatole pepala lina.