Eyiti Yosakwana pa Laputopu ya Hasina

Bilali ndi mwana wa mwana wanga Sidiki ndi malemu Raisa. Iyenso ali ndi wake mmodzi, Zahra, amene ndikulera ine kuno kwa Maganga. Bilaliyu, mdzukulu wanga, anabadwa ndi zala zanzeru. Anzake akamathamangira kumaukonde, iye ankatsala akumasula wailesi ya agogo ake aamuna. Sanabepo kanthu chibadwire, ndipo wonena zina abwere adzandiuze pamaso.

Atakula anatsegula kashopu kokonza mafoni ndi makompyuta ku Salima, pafupi ndi depoti.

Chaka chimene mlongo wake Hasina anasankhidwa kupita ku koleji, bambo awo anakamugulira laputopu yogwirapo kale ntchito ku Lilongwe. Wogulitsa anawauza kuti memole yake, muja kompyuta imafumbatira zinthu ikamagwira ntchito, ndi eyiti. Sidiki sanafunse kuti eyiti ya chiyani, koma nambalayo anaisunga pamtima. Laputopuyo anaisiya kwa Bilali kuti aikemo zofunika kusukulu.

Itafika kunyumba, Hasina anangowerenga mokweza zimene zinali pagalasi: eyiti, koma yogwiritsa ntchito seveni yosakwana.

Sidiki wakalamba akuyeza usipa m'ndowa. Kwa iye ndowa ikatsika, wina watapamo. Pompo anamuimbira foni Bilali.

"Wachotsamo chiyani, iwe?"

"Palibe, baba. Kompyuta imadzipatulira gawo lina loti izionetsera zithunzi pagalasipo. Monga mwini bwato, amayamba watenga lake asodzi asanagawane."

"Ndiye mwini bwatoyo ndiwe? Mpaka kubera mlongo wako?"

Mawu amenewa anawabwerezanso Lachisanu potuluka mumzikiti, anthu akumva. Tsiku lomwelo Bilali anabwera n'kutsegula kumimba kwa laputopuyo pamkeka, kuti aonetse timatabwa tiwiri tobiriwira ta memole tili m'malo mwake. Bambo ake anadzuka osayang'anako. Ine ndinalankhula mpaka mawu kusasa, mwana wobereka ndekha osandimva.

Makasitomala anayamba kuzemba. Ndani angasiye foni kwa munthu amene bambo ake omubereka amutcha wakuba? Bilali anatseka shopu, ananditula Zahra pamiyendo, iye ndi mkazi wake n'kukwera basi ya ku Joni.

Hasina atafika ku koleji anaona kuti malaputopu ena a anzake, ngakhale atsopano, nawonso amaonetsa nambala yoperewera. Anawauza bambo ake patchuthi. Sidiki anangoti, "Oo," n'kuyang'ana pansi.

Bilali amandiimbira ine. Amafunsa za Zahra, za mawondo anga, ngakhale za mbuzi. Ndikati, "Bambo ako ali pompano," amati, "Agogo, netiweki yayamba kuvuta." Sidiki amakhala pakhonde akumva zonse, foni yake ili m'manja, nambala ali nayo. Ngongole yake kwa mwana wakeyo ndi ya liwu limodzi lokha, lakuti pepa. Ramadani yadutsa kawiri, sanalitulutsebe.