Kufulasha kwa a Esnat

A Esnat amagulitsa tomato pamsika wa Namitambo, moyang'anizana ndi khonde limene ndimasokerapo zovala. Foni ali nayo, koma saimbira munthu. Amangofulasha. Ikalira kamodzi uko, iwo adula, n'kudikira kuti mwana wawo Helena, amene anakwatiwa kutsidya la mtsinje, awaimbire.

Chaka cha namondwe, madzi anakokolola mlatho, nsanja ya netiweki n'kugwa. Tinangomva kuti kutsidyako nyumba zambiri zapita. Za Helena palibe ankadziwa. A Esnat chakudya chinawakanika, koma foni ankakaitchajabe pa sola.

Kenako kunabwera anthu othandiza ndi droni, ndege yaing'ono yopanda munthu mkati, yonyamula netiweki. Woiyendetsa, a Khalil, anatisonkhanitsa pabwalo la mpira.

"Batire lake silichedwa kutha," anatero. "Njira yake ndi yopapatiza, ndipo tikugawana ndi akuchipatala komanso akutsidya. Mukaimba nonse pamodzi, palibe adutse. Lembani uthenga, sulemera."

"Kulemba ndinakusiya ku sitandade wani, bambo," anayankha a Esnat.

Droni itangokwera, anthu anayamba kufulasha anzawo amene anaima nawo pomwepo, ati kuyesa ngati netiweki yabweradi. A Esnat anadina, osadutsa. Anadinanso, osadutsabe. Sindinawamvepo akukalipa, koma tsikulo anatembenukira mkulu wina wa kabaza.

"Inu a Mateyu, mukufulasha akazi anu ali pambali panupo? Simunawaone m'mawa?"

Anthu anaseka. A Esnat sanaseke. Anayenda kwa mmodzimmodzi. "Thimitsani, chonde. Anu mukuwaona. Wanga sindikumuona."

Mafoni anayamba kubwerera m'matumba. A Esnat anadinanso, ndipo ulendo uno inalira kutsidya. Inalira kamodzi, chala chawo n'kudula.

"Mayi! Mwaduliranji?" anakuwa a Khalil. "Mukanadikira ayankhe! Batire lapita ili."

"Chala chazolowera," anatero a Esnat.

Anayesanso, osadutsa. Droni inayamba kutsika, mkokomo wake ukukulirakulira. Maso onse pabwalopo anali m'manja mwa a Esnat.

Foni inalira. Anaiika kukhutu mozondotsa, a Mateyu n'kuwatembenuzira.

"Amayi? Amayi, ndine—"

Droni inatera, mawu n'kuduka. A Esnat anakhala pansi m'matopemo.

"Ndi iyeyo," anatero. "Wasasa mawu, koma ndi iyeyo."