Nyimbo Yotsanzikana ndi Madamu a Masamu

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, mu Sitandade 7 pasukulu ina ku Biwi, pamene ndinasiya kuimba. Nthawi imeneyo ndinali mtsogoleri wa kwaya ya sukulu, ndipo kunena zoona ndinkadzimva.

Tinali ndi madamu a masamu ochokera ku Japan, aafupi, oyenda ndi botolo la madzi paliponse. Anakhala nafe zaka ziwiri, koma tonse, kuyambira ana mpaka ahedi, tinkangoti "Mchaina uja". Kwathu kuno aliyense wochokera mbali imeneyo ndi Mchaina basi.

Atatsala pang'ono kubwerera kwawo, ahedi anandiuza kuti kwaya ikonze nyimbo yotsanzikana nawo. Ine ndinafuna kuonetsa nzeru. Ndinapita pakashopu koikira nyimbo m'mamemori pamsika n'kunena kuti, "Ndiikireni ya Chichaina yabwino." Anandiikira ya atsikana ovina mofanana ngati asilikali pa perete. Kwa milungu itatu tinkaloweza mawu amene sitinkawamva, kuseri kwa makalasi, fumbi likutilowa m'kamwa.

Tsikulo kunabwera makolo ndi akuluakulu a zamaphunziro. Ndinalengeza ndekha pa maikolofoni kuti tiimbira madamu nyimbo ya kwawo. Tinaimba, tinavina, thukuta lili kamukamu. Madamu anaomba m'manja, kenako anaimirira n'kunena m'Chichewa chawo chodukaduka: "Zikomo, ana anga. Koma iyi si ya kwathu. Ndi ya ku Korea." Sananene moipa ayi. Koma khamu linaseka mpaka ena kugwira m'nthiti.

Alendo atachoka, ahedi anandiitanira ku ofesi. "Iwe, wachititsa manyazi sukulu yonse." Anandikwapula, anandichotsa mu kwaya, n'kundipatsa khasu kuti ndikakumbe dzenje la zinyalala.

Madamu anandipeza m'dzenjemo ndikulira. Ananjuta m'mphepete n'kundiuza kuti agogo awo sankalola nyimbo za ku Korea m'nyumba chifukwa cha chidani chakale cha mayiko awiriwo, choncho madamuwo ankazimvera mobisa. "Koma dikira," anatero, "ana a kwathu adzaziimba poyera, ndipo palibe adzawaletse." Anapita kukandipepesera kwa ahedi. Ahedi anavomera mwaulemu kuti andibwezera mu kwaya, koma madamu atangokwera ndege nkhaniyo inathera pomwepo.

Masiku ano mwana wanga amandionetsa pafoni mabwalo a ku Japan atadzaza ndi achinyamata akuimba limodzi ndi oimba a ku Korea. Madamu ananena zoona, koma ine zimangondiwawa. Ndikudziwa tsopano kuti pa anthu onse aja, ngakhale ahediwo, panalibe amene ankatha kusiyanitsa Chikorea ndi Chijapani. Anaseka atachita kuuzidwa. Umbuli unali wa tonse, koma chikoti chinagwera amene anatsegula pakamwa.

Kutchalitchi kwathu ku Kawale andipempha kangapo kuti ndilowe kwaya ya amayi. Ndimawauza kuti ndilibe mawu.