Shuga wa Chipepeso ku Govan

Ndinanyamuka ku Easterhouse Loweruka m'mawa cha m'ma 9 koloko, nditamanga chitenje pamwamba pa chijasi cha mphepo. M'chikwama munali mapaketi awiri a shuga, mpunga, ndi masamba a tiyi a ku Thyolo amene ndinkawaumira kuyambira pa Khirisimasi. Amuna anga, bambo a Tadala, anasuzumira m'chikwamamo n'kunena kuti, "Nkhuni zokha ndiye mwaiwala." Ndinawauza kuti andisonyeze mtengo umodzi mu Glasgow muno umene munthu angadule osagona m'chitokosi. Tinaseka, koma ine mtima unali m'mwamba. Ndinkapita kukapepesa maliro kwa munthu amene ndinamulakwira, ndipo sindinkadziwa ngati akanditsegulire chitseko.

Munthuyo ndi Huda, mnzanga wa kuntchito ku nyumba yosamalira okalamba. Kwawo ndi ku Gaza. Zaka zitatu takhala tikusambitsa ndi kutembenuza agogo a eni ake limodzi, tikugawana mandasi anga ndi buledi wake wa mafuta a olivi. Nkhondo itayamba kwawoko ndinkatsatira nkhani tsiku ndi tsiku, kenako ndinatopa. Ndinene chilungamo: ndinazimitsa. Wailesi ikangotchula Gaza ndinkasintha n'kuika kwaya, ati mtima wanga ndi wofooka. Ndiye Huda atasowa kuntchito milungu iwiri, ine ndinangoti ali pa holide. Tsiku limene anabwera kudzasiya kalata ku ofesi ndinamuthamangira pa korido monga timachitira kwathu munthu akachokera ku ulendo: "Alendo athu, mwatitengera chiyani ku holideko?" Anandiyang'ana n'kutuluka. Moira, nesi wathu wamkulu, ndi amene anandikokera pambali. Mchimwene wake wa Huda ndi ana awiri a mchimweneyo anafera m'nyumba imene inaphulitsidwa, ndipo dera lawolo linkatchulidwa pa nkhani masiku angapo. Aliyense ankadziwa kupatula ine.

Ndinalemba uthenga wopepesa pa foni, sunayankhidwe. Moira anati nditumize khadi, poti ndi mmene amachitira kuno. Koma ine ndinaleredwa ku Ntcheu. Maliro satumizira khadi, ndipo saitanira. Umapita ndi miyendo yako.

Tikiti ya sitima yopita ndi kubwera inandidyera pafupifupi mapaundi asanu. Ndinakhala cha pawindo, ndipo tisanafike pa Garrowhill ndinatsegula nkhani pa foni, koyamba m'miyezi yambiri. Ndinawerenga za mizere ya anthu odikira madzi, za zipatala zopanda magetsi. Chala chinkafuna kutseka, ndinachikaniza. Pa Shettleston anakwera bambo wina wonenepa ali ndi kagalu m'khwapa ndi banzi ya soseji m'manja. Anayang'ana chitenje changa cha maluwa ofiira n'kufunsa ngati ndikupita ku ukwati.

"Ayi bambo, ku maliro."

Anasiya kutafuna. "Pepani mayi. Ndi achibale?"

"Ndi achibale a mnzanga."

"Ndiye mukuchita bwino," anatero, n'kupatsa kagaluko soseji yotsalayo ngati nayenso chakudya chamukanika.

Pasanathe mphindi makumi awiri tinali pa Queen Street. Ndinatulukira mumsewu wa Buchanan kuli kamvula kaja ka Glasgow kosanyowetsa msanga koma kosaleka. Cha kumtunda, pa masitepe, panaima kagulu ka anthu ndi mbendera za Palestina. Sankafuula. Mnyamata wina wandevu ankawerenga papepala mayina a anthu ophedwa ku Gaza, ena n'kumangomvetsera. Kale ndinkawadutsa anthu amenewa ndikuthamangira nsapato zotsitsidwa mtengo. Tsiku limeneli ndinaima. Mayi wina wokalamba wachizungu, wa ndodo ndi chipewa choluka, anandisendezera ambulera yake.

"Mumabwera Loweruka lililonse?" ndinawafunsa.

"Bondo likalola."

"Nanga zimathandiza?"

"Sindidziwa, mwanawe. Koma wa kumeneko akadutsa pano, aone kuti alipo anthu amene akudziwa."

Ndinawauza kumene ndinkapita ndi chimene ndinalakwa. Anagwedeza mutu, osandidzudzula, n'kunena kuti ndikakafika ndisakachuluke mawu. Ndinati mayi inu simukundidziwa, kwathu amanditcha wailesi.

Kuchoka apo ndinatsikira ku sitima ya pansi pa nthaka, ya mapaundi osakwana awiri. Kasitima kameneka n'kakang'ono moti anthu aatali amalowa chowerama ngati akupereka moni kwa apongozi. Kanadutsa pansi pa mtsinje wa Clyde ine osamva kanthu, ndipo 11 koloko isanakwane ndinali pa Govan, kumene zitsulo zonyamulira katundu za kopangira zombo zimaonekera pamwamba pa madenga.

Huda amakhala m'nyumba zakale zosanja za miyala yofiirira. Apa ndi pamene mwambo wanga unayamba kuvutika. Kwathu pa maliro sapanga odi, umangolowa n'kukhala pansi. Kuno uyenera kudina batani panja, n'kudzitchula dzina ukulankhula ndi khoma. Ndinadina.

"Ndani?"

"Ndine Esnart."

Basi inadutsa, inanso inadutsa. Ndinayamba kuganiza zosiya chikwama pakhomo n'kubwerera, kenako chitseko chinalira kuti chatseguka.

Ndinakwera masitepe a nsanjika zitatu, n'kuvula nsapato pakhomo. Huda anali yekha, amuna ake atapita ku shifiti. Anali ataonda, maso atalowa, foni ili m'manja. Anandilozera sofa, koma ine ndinakhala pansi pa kapeti, miyendo yotambasula, monga amayi amakhalira pa siwa. Ndinati, "Pepani." Mawu ena onse amene ndinawakonza m'sitima anathawa, ndipo mwina anachita bwino.

Anapita ku khitchini n'kubwera ndi khofi m'kakapu kakang'ono ngati chivindikiro cha botolo. Nditalawa, kuwawa kwake ngati mankhwala a malungo. Ndinaganiza kuti shuga wamuthera mnzanga, ndipo ndinasangalala kuti pano pokha ndathandiza. Ndinasolola paketi m'chikwama n'kuyamba kung'amba pakona.

"Kwathu khofi wa maliro sathira shuga," anatero Huda motsitsa mawu. "Amayenera kuwawa."

Manyazi anandigwira mpaka kumapazi. Kulakwira munthu kawiri, kachiwiriko m'nyumba mwake. Ndinakhala nditagwira paketi yong'ambikayo, shuga akuthothokera pa chitenje. Iye anayang'ana m'chikwama, naona paketi inayo, mpunga ndi tiyi.

"Nanga shuga wochuluka chonchi ndi wa chiyani?"

Ndinamufotokozera kuti kwathu anamfedwa saphika ndipo sapita ku golosale. Anthu amabwera ambiri, aliyense ndi kake, wina ufa, wina nkhuni, wina shuga wa tiyi, chifukwa amakhala pomwepo mpaka maliro ataikidwa.

"Ife sitinaike," anatero. "Sindikudziwa ngati anawaika." Kenako anafunsa, "Anthuwo amachita chiyani nthawi yonseyo?"

"Amaimba, ena amangokhala. Amakhala maso kuti anamfedwa apezeko tulo."

Apo ndi pamene ndinaulula. Ndinamuuza kuti ndinasiya kumvera nkhani za kwawo chifukwa zinkandipweteka, n'chifukwa chake sindinadziwe kanthu, n'chifukwa chake ndinamufunsa za holide. Sanandikalipire. Anangoti, "Ine sindingathe kuzimitsa." Ananditembenuzira foni. Mayi ake anatsala amoyo, anathawira ku Khan Younis, kummwera kwa Gaza, koma netiweki inali itadulidwa masiku anayi. Uthenga wake womaliza unali ndi kachizindikiro kamodzi, kusonyeza kuti sunafike. Ukafika timakhala tiwiri. Anati akangotseka maso amaopa kuti netiweki ibwera mphindi zisanu n'kupitanso iye ali m'tulo.

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ine ndi shuga wanga pamiyendo. Kenako anang'amba kapepala, nalembapo dzina la dera limene mayi ake ali, n'kuika kapepalako ndi foniyo m'manja mwanga.

"Mukaona dzina ili pa nkhani, kapena tizizindikiroti takhala tiwiri, mundidzutse. Musandimvere chisoni, mundidzutse."

Anagona pa sofa pomwepo, dzuwa lili pamutu ngakhale silinkaoneka, ndipo mphindi zisanu zisanathe anali atapita. Ndinamufunditsa chijasi changa. Ine amene ndinkathawa nkhani ndinakhala maola anayi ndikuwerenga chilichonse chotuluka, pa foni yake ndi pa yanga, ndikufananiza mayina a malo ndi zilembo za pakapepala. Ndinaphunzira kuti Gaza si mzinda umodzi, kuti kuli kumpoto ndi kummwera, kuti kuli misewu ndi misika ya mayina ake ngati kwathu. Ndinalira kawiri, chamumtima kuti ndisamudzutse. Khofi uja ndinamumaliza atazizira, wopanda shuga.

Anadzuka cha m'ma 4 koloko, maso ake n'kuthamangira m'manja mwanga.

"Palibe," ndinatero. "Kachizindikiro kakadali kamodzi. Koma dzina lija silinatchulidwe paliponse."

Anausa moyo. Anapita ku khitchini ndi chikwama changa, ndinamva ketulo ikulira, ndipo anabwera ndi makapu awiri aakulu a tiyi wa ku Thyolo. Mwanga anathiramo masipuni atatu, poti amandidziwa. Mwake anathiramo imodzi.

"Loweruka likudzali muli pa shifiti?" anandifunsa.

"Ndisinthana ndi wina."

Pobwerera sindinakwere ya pansi pa nthaka. Ndinayenda wapansi n'kuwoloka mtsinje pa mlatho watsopano wopita ku Partick, n'kukwerera sitima ya ku Easterhouse kumeneko, chikwama chili chopepuka. Miyezi yonse ija ndinkati ndikusamala mtima wanga, osadziwa kuti ndathawa pa maliro a mnzanga, chinthu chimene amayi anga sakanandikhululukira. Kapepala kaja Huda anati ndikasunge. Kali kuseri kwa foni yanga, ndipo m'mawa uliwonse ndisanavale yunifolomu ndimayamba ndafufuza dzinalo.