Galimoto Yodontha Zofiira

Amuna anga anali ndi mwendo wakumanzere wofooka chibadwire, ndiye kuponda kilachi kunkawazunza. Matipate atakhazikika, magalimoto akale ochokera kunja anayamba kuchuluka m'tauni, iwonso anapeza yawo ya otomatiki, yosintha yokha magiya, yosafuna mwendo wakumanzere. Ankanyamulira anthu a maokala katundu kuchoka ku Limbe kukwera naye kwathu ku Bangwe. Ine ndinkagulitsa mafirizesi pakhomo. Kudya kwathu kunali komweko.

Ine mtima wanga suvomera zinthu msanga, ndipo galimotoyo sindinaikonde kuyambira tsiku loyamba. Chitsulo chodziwa chokha kuti apa ndi pamtunda, ndisinthe giya, manja a munthu ali phee pachiwongolero, chinkandikayikitsa. Chinawonjezera ndi kudontha. Ikachoka m'mawa, pamene inagona pankatsala banga lofiira, lalikulu ngati chikhatho cha mwana. Amuna anga anandifotokozera kuti ameneyo ndi oyilo wa giyabokosi, amamufiiritsa dala kuti asasokonekere ndi wa injini, ndipo akutuluka chifukwa kalabala kena kanatha kunsiko. Kalabalako kunalibe m'masitolo a kuno, anachita kutuma woyendetsa thiraki wopita ku Joni. Ndinamva ndithu, komabe m'mawa uliwonse ndinkayamba ndathira dothi pamalopo ndisanagwire tsache.

Mayi wina wa nyumba yoyandikana nafe, amene maso ake ankakhalira pampanda wathu, anandipeza ndikukwirira.

"Aneba, mwapha nkhuku mamawa ano osatiitana?"

"Ndi oyilo wa galimoto uyu."

"Oyilo? Ife oyilo timamudziwa wakuda." Anaseka pakamwa pokha, nkumapita.

Masiku amenewo nkhani za anthu okhwimira chuma ndi opopa magazi zinkayenda m'minibasi iliyonse. Sizinatenge nthawi kuti Bangwe alumikize zake: munthu wotsimphina wapeza galimoto yosafuna mwendo, mkazi wake amakwirira zofiira kusanache bwino. Ankati galimotoyo imamwa magazi, ndipo zodonthazo ndi zimene yalephera kumaliza. Ana anasiya kugula mafirizesi ofiira. Achikasu ankatha, ofiira nkumabwerera mufiriji, kenako achikasu omwe anayamba kutsala. Ndikafika pampopi, macheza ankaduka. Anthu awiri a maokala anauza amuna anga kuti apeza wina wowanyamulira. Zinandiwawa kwambiri, chifukwa anali anthu omwe tinkalira nawo maliro limodzi.

Tsiku lina ndinati ndiwaperekeze kogula oyiloyo. Ndinanena kuti ndikufuna shuga ku Limbe, koma zoona zake ndinkafuna ndione ndi maso anga kumene zofiirazo zimachokera. Mukamva chinthu tsiku ndi tsiku, chimayamba kukulowani, ngakhale chikunenera mwamuna wanu yemwe.

Tinayamba tadutsa mumsika. Anyamata anali atandandalika oyilo m'mabotolo a zakumwa, wina wofiira kuti psuu.

"Wa otomatiki uyu, madala, wochokera ku Joni."

Ndinanyamula botolo nkuliyang'ana padzuwa. Kufiira kumeneko ndinkakudziwa, kunali ngati kwa ufa umene ndinkathira m'mafirizesi anga. Ndinawakoka malaya amuna anga, koma iwo anali atakana kale. Tinakalowa m'sitolo ya zipangizo za galimoto. Amuna anga anali atabwera ndi kachitsulo koyezera oyilo atakakulunga m'nyuzi, ndipo anayerekeza zilembo zodindidwa pakachitsulopo ndi za pachitini chomata. Anandiuza kuti ngakhale ofiira enieniwo sali amodzi, ukathira wa mtundu wina giya imachita kukankha. Ananunkhiza chitinicho atachitsegula, nkupaka pang'ono pachala. Ndinabwerera kunyumba mtima uli m'malo, ndikudziwa kuti munthuyu galimoto yake akuidziwa.

Nchifukwa chake ndinadabwa Loweruka lina atabwera ndi makaniko wa kumsika, geti nkulisiya chitsegukire, galimoto nkuiimika poti aliyense wodutsa aone. Makanikoyo anakhetsera oyilo wofiira yense m'beseni. Kenako anatulutsa chigubu cha oyilo wa injini, wachikasu ngati wophikira. Ndinawaitanira amuna anga kukhonde.

"Bambo, suja munati m'giyabokosimu mumalowa wofiira yekha?"

Makaniko anayankha asanafunsidwe, mutu uli kunsi kwa galimoto. "Oyilo ndi oyilo, mayi. Bola mkati musaume."

Munthu ameneyo sindinamukhulupirire ngakhale pang'ono. Kumalo kwake kunali magalimoto akufa okhaokha, ndipo momwe ankasisitira magetsi a yathu, ndinaona kuti akuiwerengera kale zipangizo.

"Ndikudziwa, mayi," anatero amuna anga motsitsa mawu. "Si woyenera. Ndi wongodikirira kalabala kaja. Dzulo munthu wandifunsa pamaso pa anthu kuti mwendo wangawu ndinaupereka kwa ndani. Ndatopa."

Ndinakwiya, koma mkwiyowo sunali wa iwo. Amuna anga anaitana mwamuna wa mayi woyandikana nafe uja kuti awagwirire fanulo yothirira oyilo, dala, kuti akanene kunyumba kwake zimene waona. Oyilo wachikasu analowa anthu akuonerera pageti.

Banga la m'mawa linasintha mtundu, linayamba kuoneka ngati la galimoto ina iliyonse. Ndinasiya kuthira dothi. Ana anabwerera mmodzimmodzi, pampopi anayambanso kundipatsa moni wautali. Koma ine khutu langa linali pagalimoto. Kunali kozizira miyezi imeneyo, ndipo m'mawa amuna anga akaika giya, inkayamba yaganiza kaye, kenako nkudumpha ngati yadzidzimuka. Pamtunda injini inkalira kwambiri koma liwiro osaoneka. Akafika madzulo, pabwalo pankamveka fungo la chinthu chopserera. Ndikawayang'ana, iwo ankayang'ana kumbali. Wa thiraki uja ankangoti ulendo wamawa, ndipo ndinayamba kumukayikira nayenso kuti mwina ku Joni sanafikeko nkomwe.

Inafera pachitunda cholowera kwathu, masana, itanyamula matumba a ufa. Injini inkalira bwinobwino koma matayala osasuntha. Anthu anathamangira kudzakankha monga amachitira ndi minibasi, akukuwa kuti madala ikani giya ya seko, dumphitsani. Amuna anga anawauza kuti imeneyi siidzuka ndi kukankha, koma palibe anamva. Anaikankha chomwecho mpaka pakhomo pathu, Bangwe yense akuona. Makaniko anabwera mofulumira kuposa momwe tinamuitanira, nanena kuti giyabokosi yapsa, ina ngati imeneyo kuno siingapezeke, koma magetsi ndi zitseko angatithandize kupeza wogula.

M'mawa mwake mayi woyandikana nafe uja anabwera kudzapepesa. Anakhala pamkeka mwaulemu, manja pamiyendo, nkhope yachisoni chenicheni.

"Pepani aneba, zimachitika. Koma mwachita bwino kuimana. Ife tonse taona. Mutangoisiyitsa zofiira zija, taonani, yafa."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze za zilembo za pachitini, koma ndinaona kuti akundimvera chisoni ngati munthu amene walapa. Amuna anga anali pampando pakhonde pomwepo, anamva zonse. Mayiyo atapita, amuna anga anandiuza kuti ndiyambe kufunsa za nyumba ya lendi ku Machinjiri.