Kalata imene inakulungira mandasi

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene boma latsopano linalengeza kuti sukulu ya pulayimale ndi yaulere. Tinkakhala kuseri kwa msika wa pa Mwanza Boma, m'kanyumba kodontha. Anzathu amene tinathawa nawo nkhondo ku Mozambique anali atabwerera kwawo, koma amayi anakana kusiya manda a bambo. Iwo ankakazinga mandasi, ine n'kumagulitsa kwa madalaivala opita kumalire.

Sukulu ndinali ndisanapondeko. Koma zoti ndikakhale pansi mu Sitandade 1 ndi tiana tamamina, ine msinkhu utafika paphewa la amayi, ndinalumbira kuti sizingatheke.

Anandipulumutsa ndi Mayi Nachisale, mphunzitsi wopuma pantchito, amene ankaphunzitsa mwaulere masana m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi. Kunkabwera amayi a mumsika a sukulu ya kwacha, ndi ife ana okulirapo amene sukulu inatidutsa. Bolodi linali chitseko chakale, ndipo choko chimodzi ankachidula patatu. Iwo anagwirizana ndi ahedi a sukulu yapafupi kuti mwana wodziwa kuwerenga ndi masamu, akabwera ndi kalata ya chidindo cha komiti ya kalasi yawoyo, azikayambira Sitandade 4.

Yanga ndinalandira Lachisanu.

"Ukapereke Lolemba m'mawa, Rozina," anatero Mayi Nachisale. "Kulembetsa kukutha tsiku lomwelo. Ndipo ndi yokhayi. Apampando osunga chidindo apita ku Thambani kukadwazika, sabwera msanga."

Kunyumba ndinaiika pamalo okhawo amene sankadontha, pamwamba pa mulu wa mapepala okulungira mandasi. Loweruka m'mawa ndinapita kukatunga madzi, amayi n'kupita okha kumsika. Pobwera, mulu wonse palibe. Ndinathamangira kumsika.

"Amayi, pepala langa lili kuti?"

"Liti? Mapepala onse ndi amodzi, mwanangu."

"Ndinu mbuli!"

Ndinakuwa mpaka ogulitsa manachesi anatembenuka. Amayi anangopitiriza kutembenuza mandasi m'mafuta, maso ali pansi.

Ndinapita kwa Mayi Nachisale ndikulira, ndikuyembekeza kuti andimvera chisoni. Anandisiya ndifotokoze zonse, ngakhale mawu oipa aja.

"Amayi ako amadziwa kuwerenga?" anandifunsa.

"Ayi."

"Nanga iwe?"

"Ndimadziwa."

"Ndiye mbuli ndani? Amene wakulungira chinthu chosachidziwa, kapena amene ankachidziwa bwinobwino n'kuchisiya pa mulu wa zokulungira? Pita ukagwade, ukapepese. Ukatero uwafunse amene agula mandasi lero. Zilembo sadziwa, koma nkhope za anthu amazidziwa kuposa iwe ndi ine."

Ndinagwada mumsika momwemo, pafumbi, anthu aja akuonerera. Amayi anandidzutsa, n'kuyamba kutchula amene anagula: atelala awiri, mayi wa tomato, dalaivala wa ku Tete. Nditamva za dalaivala ndinataya mtima, poti pepalalo likakhala kwa iyeyo ndiye kuti lawoloka malire kale.

"Dikira," anatero amayi. "Loyera lija, losakhala la nyuzi, la chozungulira pakona? Analisankha okha a Jusa okonza njinga. Anati n'labwino kupichira fodya."

Tinawapeza a Jusa pansi pa mtengo wa mango, tcheni cha njinga m'manja, chingambwe chikufuka pakamwa.

"Achimwene, pepala la mandasi lija tikulifuna," anatero amayi.

"Aa, alongo! Demokalase yake ndi imeneyi? Wagulitsa, ukulandanso?"

"Ndi kalata ya sukulu ya mwanayu."

Anavula chipewa, n'kutulutsamo pepala lopindapinda, lonyezimira mafuta. Kumtunda kwake anali atang'ambako kachidutswa. Anachotsa ndudu pakamwa, n'kuiyang'ana mwaulemu.

"Werenga, mwana iwe, chasowapo n'chiyani?"

Ndinawerenga. Dzina langa linalipo. Sitandade 4 inalipo. Chidindo chinalipo.

"Pasowa moni wopita kwa ahedi," ndinatero.

"Ukawauze kuti moni wawo ndasuta ine, ndipo ngokoma."

Lolemba ahedi anainyamula kalatayo ndi zala ziwiri, anaiyang'ana pa kuwala kwa pazenera, n'kuinunkhiza. Anaseka, koma dzina langa analilemba m'kaundula wa Sitandade 4. Akuti aiponye m'dirowa, ndinalimba mtima n'kuwapempha kuti andibwezere. Anadabwa, komabe anandipatsa.

Ndili nayo mpaka lero. Ili m'sutikesi pamodzi ndi malipoti anga onse a sukulu, makadi a sikelo a ana anga, ndi mfundo za msonkhano uliwonse umene ndinakhalapo. Kumpingo, kumene tsopano ndine mkulu, amandiseka kuti ndimasunga ndi tikiti ya minibasi yomwe. Asiyeni aseke.

Koma ndimapsa mtima. Ndine mlembi wa komiti imene ikuyendetsabe kalasi ija, ndipo ndamvapo anthu ovala bwino akunena pamaso pathu kuti osauka a m'tauni safuna sukulu. Oterowo ndimawatulutsira kaundula, dzina ndi dzina, kuti awerenge okha. Ndimapsanso mtima ndikagula chipisi n'kupeza chakulungidwa ndi lipoti la mwana wa munthu. Sindikalipira wogulitsayo. Ndimafunsa kuti m'nyumba imene lachokera pepalalo, wodziwa kuwerenga ndani, chifukwa mlandu ndi wa ameneyo. Kudziwa zilembo si mpando wonyozera anzako. Ndi katundu amene wasenzetsedwa m'malo mwa onse osadziwa.

Pansi pa kalata ya mafuta ija pali pepala lina. Mlungu wotsatira kulembetsa kwanga kuja amayi anasiya chiwaya masana, n'kukakhala pa benchi ya Mayi Nachisale. Patapita miyezi anandibweretsera tsamba la kope, atalembapo okha dzina lawo mopendekeka: Fatima.

"Ilinso usaliike pa mandasi," anatero.