Agogo Amene Sankaphonya Kuchipatala

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, a Namakhwa, ndimamva fungo la phulusa limene ankathira mu mbewu ya nandolo asanaitsekere m'zigubu, kuopa anankafumbwe. Anali munthu wosunga, moti ngakhale msomali wopindika unali ndi malo ake, ndipo mbewuyo sitinkaikhudza olo njala ivute bwanji. "Ukadya mbewu udzalira kawiri," ankatero.

Ndili sitandade 5, boma linayamba kuyeza akuluakulu kuthamanga kwa magazi. Alangizi a zaumoyo anafika kutchalitchi kwathu, m'munsi mwa phiri la Michesi, nakulunga lamba pamkono wa agogo, n'kuwauza kuti azikalandira mapiritsi mwezi ndi mwezi. Agogo anaseka, poti mutu sunkawapweteka ndipo nkhuni ankatsika nazo okha m'phiri, koma za boma sankatsutsa. Mwezi ukatha ankapalasa njinga, ine ndili pakaliyala, mpaka anesi ankawatama pamaso pa anzawo: "Taonani agogowa, saphonya!"

Tsiku lina akupalira chinangwa anagwa. Tinawapeza pakamwa patapotoka, dzanja lamanja lili lende, akuyesa kutchula dzina langa koma lilime likukana. Kuchipatala adokotala anauza amayi kuti akufuna aone mankhwala otsala, ndiye amayi anandituma kunyumba.

Ndinafufuza pansi pa mphasa, m'matumba a jekete, osapeza kanthu. Kenako ndinatsegula chigubu china pakati pa zambewu zija. Mayo ine! Timapepala ta mapiritsi ta miyezi yonse ija tinali m'menemo, tosatsegula n'komwe, towazidwa phulusa bwinobwino. Ndinangokhala pansi.

Agogo aakazi atasuzumira m'chigubumo sanadabwe. "Nanga akanamwa bwanji asakudwala, mwanawe? Amasunga kuti tsiku lodzadwala asadzavutike. Tsikulo ndi lero, thamanga ukawapatse."

Ndinathamanga nachodi chigubucho, koma adokotala atachiona anangogwira pakamwa. Agogo aamuna anagona miyezi itatu osalankhula, n'kutisiya. Mpaka lero zimandiwawa kuti tonsefe, anesi, amayi, ine wapakaliyala, tinkangoombera m'manja kulandira, popanda wofunsa ngati akumeza.

Amayi nawo tsopano ali pa mankhwala omwewo. M'mawa uliwonse ndimaima patsogolo pawo ndi kapu ya madzi.

"Iwe, ndine mwana ine?" amakalipa.

Ndimangoyang'ana pakhosi pawo mpaka ndione kuti mapiritsi atsika.